Jenereta ya m'boti: yonyamula kapena yomangirira mkati?

Nangula

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za magetsi a m'maboti. Boti lake ndi la fibreglass, lotalika mamita 9, injini yake ndi ya dizilo yamkati, ndipo lili ndi kachipinda kogona anthu anayi. Limakhala ku Senga Bay. Kumapeto kwa sabata timapita nalo ku zilumba za Maleri, nthawi zina mpaka ku Cape Maclear, n'kugona komweko pa nangula masiku awiri kapena atatu. Muli mabatire awiri a asidi a 100 Ah iliyonse (Ah ndi muyezo wa magetsi amene batire imasunga), firiji ya 12 V, mafani awiri, magetsi a LED, pampu ya madzi ndi wailesi. Pofika tsiku lachiwiri mabatire amakhala atagwa, firiji n'kuyamba kuzimazima. Komanso akunyumba akufuna eyakoni ya 12,000 BTU (muyezo wa mphamvu yake yoziziritsa) chifukwa mu Okutobala ndi Novembala m'kachipindamo simugoneka.

Ndigule kajenereta konyamula ka petulo, kapena ndilimbe mtima ndiike ya dizilo yomangirira mkati? Wina wandiuzanso kuti ndikhoza kugula yonyamulayo, n'kuiika m'chipinda cha injini, wowotcherera n'kuipangira paipi ya utsi yotulukira kunja. Akuti ndipeza ubwino wa zonse ziwiri pa mtengo wochepa. Kodi zimenezi n'zotheka?

Mwera

Achimwene a Nangula, ndiyambira pa funso lanu lomalizalo chifukwa ndi limene lingaphe munthu. Jenereta yonyamula musaiike m'chipinda cha injini, m'bokosi kapena pansi pa mpando, wowotcherera wanu akhale waluso chotani. Pa 1 Epulo 2013, pa nyanja ya Windermere ku England, mayi ndi mwana wake wamkazi anafera m'boti lotchedwa Arniston. M'botimo munachitika ndendende zimene mwauzidwazo: jenereta ya petulo yonyamula inaikidwa m'chipinda cha injini n'kuipangira paipi ya utsi. Paipiyo itatentha, polumikiza panamasuka, utsi n'kudzaza mmene anthuwo ankagona. Bungwe la Britain lofufuza ngozi za pamadzi, la MAIB, linapezanso kuti maalamu a utsi m'botimo sankagwira ntchito.

Injini ya jenereta yonyamula imazizira ndi mphepo, ndiye pamalo otsekeka imangobwereza mpweya wake wotentha womwewo. Thanki ndi kabyuleta yake zimapumira poyera, pamene nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya. Siikwera n'kuchoka ayi, imatsikira pansi penipeni pa boti n'kukhazikika, kudikira kamoto ka pa swichi ya pampu. Ndipo utsi wa petulo uli ndi carbon monoxide wochuluka kwambiri kuposa wa dizilo. Ndi mpweya uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mu Juni. Suoneka, sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndiye pa nyanja munthu amangoti ndi mafunde kapena malungo ayamba, n'kupita kukagona m'kachipinda momwemo mmene poizoniyo wadzaza.

Tsopano tiwerengere, poti ambiri amagula jenereta asanadziwe kuti akufuna magetsi ochuluka bwanji. Mukachotsa eyakoni, boti lanu limadya zochepa. Firiji ya 12 V imakoka maampu 4 kapena 5 kompuresa ikamazungulira. M'nyengo yozizira imatha cha m'ma 35 Ah pa tsiku, mu Okutobala ikhoza kufika 60 Ah, makamaka ana akamatsekulatsekula. Mafani awiri usiku wonse ndi 10 Ah. Magetsi a LED pamodzi ndi nyale ya pa nangula, 12 Ah. Pampu ya madzi, 5 Ah. Mafoni, laputopu ndi wailesi, tinene 25 Ah. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 110 Ah, kapena kuti 1.4 kWh pa tsiku. Mabatire anu ndi 200 Ah pa pepala, koma a asidi sayenera kutsika kupitirira theka, choncho yogwiritsa ntchito ndi 100 Ah yokha. N'chifukwa chake tsiku lachiwiri firiji imagonja. Palibe chawonongeka, nkhokwe ndiyo yachepa.

Kubweza 110 Ah sikufuna makina aakulu. Chaja ya 40 A imakoka mawati osakwana 700. Honda EU22i, yolemera makilogalamu 21, imapereka 1,800 W mosalekeza ndi 2,200 W kwa kanthawi. Ntchito imeneyi imaigwira osatuluka n'thukuta lomwe.

Eyakoni ndi nkhani ina. Ya 12,000 BTU pamodzi ndi pampu yake ya madzi imadya pakati pa 1,000 ndi 1,200 W, ndipo kompuresa ikamadzuka imakoka kanayi kapena kasanu kuposa pamenepo kwa kamphindi. Usiku umodzi wa maola 8 ndi 5 kapena 6 kWh, kuchuluka kanayi kuposa zonse zimene boti lanu limadya tsiku lathunthu. Onjezani kuti Nyanja ya Malawi ili pamwamba pa nyanja yamchere ndi mamita pafupifupi 474, ndipo injini ya petulo imataya mphamvu pafupifupi 3.5 peresenti pa mamita 300 aliwonse. 1,800 W ija kuno ndi 1,700 W, kutentha kwa Novembala kusanachotsepo gawo lake. Mutaika soft starter, kachipangizo kochepetsa magetsi amene kompuresa imakoka podzuka, kajeneretako kadzaidzutsa ndithu. Koma thanki yake ndi malita 3.6, ndipo pa katundu wotere imatha m'maola anayi kapena asanu. Mukayatsa 9 koloko, idzazima cha m'ma 2 usiku, ndipo wina adzakhala atagwada mumdima kumbuyo kwa boti logwedezeka, chigubu cha petulo chili m'manja, pamwamba pa injini yotentha. Maola onsewo anthu anayi akhala ali m'tulo mamita atatu okha kuchokera potulukira utsi. Kumtunda malangizo amati jenereta italikire zenera kapena khomo ndi mamita 6. M'boti la mamita 9 malo otero mulibe.

Ndiye dzifunseni ichi: jeneretayo izilira anthu ali maso, kapena ali m'tulo? Ngati ndi ola limodzi kapena awiri masana pochaja mabatire, yonyamula ikukwanirani. Ngati ndi usiku wonse, ndi ya dizilo yomangirira yoikidwa mwadongosolo, apo ayi eyakoni muisiye.

Sipanala

Ndikugwirizana ndi a Mwera. Ine ndiwonjezere za yomangirirayo kuti musanatulutse ndalama mudziwe chimene mukulowamo. Makinawo pawokha savuta. Mavuto ambiri amabadwa pa kaikidwe.

Kukula kwake: eyakoni 1.2 kW, chaja 0.7 kW, tinthu tina 0.3 kW, zonse 2.2 kW. Ketulo ya 2 kW ikalowapo kwa mphindi zisanu mwafika 4.2 kW. Ndiye ya 4 kapena 5 kW ndi saizi yanu. Musatengeke n'kugula ya 8 kW poti yaikulu siitopa. Injini ya dizilo ikamayenda nthawi yaitali itasenza zosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake, siitentha mokwanira. Mafuta sapsa onse, mwaye umamatira pa mainjekita ndi m'chigongono cha ekizozi, makoma a silinda amasalala ngati galasi, kenako imayamba kudya oyilo ndi kufuka utsi wabuluu ikadali yatsopano.

Kuti apereke 50 Hz, majenereta wamba amazungulira pa 1,500 rpm kapena 3,000 rpm, kutanthauza maulendo ozungulira pa mphindi imodzi. Ya 1,500 rpm, monga za Northern Lights kapena Kohler, ikakhala ya 5 kW imalemera cha m'ma makilogalamu 170 kapena kuposerapo. Imalira chapansipansi ndipo imakhalitsa. Za 3,000 rpm, kapena zosinthasintha liwiro monga Fischer Panda zina, ndi zazing'ono, zina sizifika makilogalamu 100, koma mkati mwake ndi mopanikizana, ndipo zosinthasintha liwirozo zimadalira ma board amagetsi amene akapsa mumachita kuitanitsa kunja. Funsaninso kuti injini yamkatimo ndi yanji. Ambiri amagwiritsa ntchito Kubota, Yanmar kapena Mitsubishi, ndipo mafyuluta ndi malamba a injini zimenezi sasowa kwambiri. Pa za kulemera, makilogalamu 170 ndi matumba atatu a chimanga ndi theka atakhala pamalo amodzi osasuntha. Musanagule, unjikani matumba a mchenga olemera chomwecho pamene makinawo adzakhale, muone mmene boti likupendekera ndi pamene madzi afika.

Tsopano njira ya madzi, pamene injini zambiri zimafera. Madzi oziziritsira amalowa pa bowo la pansi pa boti lokhala ndi valavu ya bronze yotseka ndi chogwirira, kenako sefa, pampu ya impela (kagudumu ka rabala ka mapiko kokankha madzi), heat exchanger (mmene madzi a nyanja amachotsera kutentha kwa injini), n'kukathira m'chigongono cha ekizozi mmene amasakanikirana ndi utsi. Bowolo likhale lakelake. Mukagawana ndi injini yaikulu, pampu yamphamvu imalanda madzi n'kuyamwitsa mpweya yofookayo. Kunja kwa bowolo musaikepo chija chonga supuni choyang'ana kutsogolo. Boti likamathamanga jenereta ili chizimire, chimakankhira madzi kudutsa pa impela, amadzaza sayilensa, n'kukwera mpaka m'silinda kudzera pa valavu ya utsi. Mukadzaliza, pisitoni imagunda madzi. Madzi safinyika, chimene chimagonja ndi con rod, chitsulo chogwira pisitoni, imapindika.

Chimodzimodzinso ndi madzi odzikoka okha injini itazima. Ngati pamene madzi amalowera mu ekizozi pali m'munsi mwa pamene madzi a nyanja amalekezera, kapena pamwamba pake ndi masentimita osakwana 15, pamafunika anti-siphon. Paipi yochokera ku pampu ikwere masentimita osachepera 30 pamwamba pa madzi, mabuku ena amati 50, tsatirani la makina anu, ndipo pansonga pake pakhale kavalavu kolowetsa mpweya. Muyeze boti litadzaza anthu, mafuta ndi katundu, osati lili lopanda kanthu pa doko. Kavalavuko kamamatira ndi litsiro, ndiye muzikamasula n'kukatsuka kawiri pa chaka.

Sayilensa yosunga madzi ikhale m'munsi mwa chigongono, paipi yopita kumeneko itsetsereke njira yonse, ndipo ikhale yaikulu moti madzi onse otsala m'paipi injini ikazima akwanemo. Kuchoka apo paipi ikwere ngati khosi la tsekwe isanatulukire kunja, kuti mafunde a mwera akamamenya kumbuyo asalowe. Potulukira pasakhale pansi pa thabwa lotsikira posambira. Ku Lake Powell ku America, kafukufuku wa bungwe la NIOSH kuyambira mu 2000 anasonyeza kuti anthu ankakomoka n'kumira atapuma utsi wa majenereta a petulo wosonkhana pansi pa thabwa lotere. Paipi iliyonse ya m'munsi mwa madzi ikhale ndi makilampu awiri a stainless mbali zonse.

Ikakana kulira, musangoumirira sitata. Nthawi yonse imene injini ikuzungulira, impela ikupopera madzi mu sayilensa popanda utsi wowakankhira kunja. Mukapyola masekondi 30 onse pamodzi, tsekani valavu ya madzi, sakani chavuta, ikangolira tsegulani nthawi yomweyo.

Mafuta itengere m'thanki yomweyo ya boti, ndipo umenewu ndi ubwino waukulu kwa inu chifukwa simunyamula petulo n'komwe. Koma ikhale ndi kapaipi kakekake m'thankimo, kafupi kuposa ka injini yaikulu, kuti jenereta izizima thanki ikadali ndi kota. Mafuta obwererera ku Senga Bay asathere pa eyakoni usiku. Iikireninso fyuluta yolekanitsa madzi yokhala ndi kambale koonekera, komanso batire yolizira yakeyake. Ikasenza theka imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola.

Nyanja yathu ndi yokoma mtima kwa makina amenewa chifukwa ilibe mchere, dzimbiri ndi lochepa. Adani ake ndi mchenga ndi zinyalala. Musailize pamadzi a m'chiuno mafunde akuvundula mchenga, umadya impela ndi kachivundikiro ka pampu. Cha ku Mangochi, Malombe ndi mu Shire, namasupuni ndi majumbo zimatseka sefa. Mukangoliza, suzumirani ku ekizozi. Pasanathe masekondi 15 madzi azikhala akulavuka. Ngati kukutuluka utsi wokha ndipo phokoso lake ndi louma, zimitsani, impela youma siichedwa kupsa. Muzisintha impela chaka chilichonse. Yakale ikatuluka yoduka mapiko, werengani otsala, n'kusaka zidutswazo pakhomo pa heat exchanger mpaka zikwane. Oyilo woyamba amasinthidwa pa maola 50, kenako pa maola 100 mpaka 200 malinga ndi buku. M'boti musasowe impela ziwiri ndi gasiketi yake, lamba, fyuluta ya mafuta ndi ya oyilo.

Mtengo wa makina, katundu woikira, amisiri ndi kutulutsa boti m'madzi kuti aboole, kawirikawiri umafika kakhumi poyerekeza ndi yonyamula yabwino.

Fiyuzi

Akuluakulu anena za utsi ndi madzi. Ine ndinene za mawaya, chifukwa apa mitundu yonse iwiri ikhoza kupha, ndipo wofayo nthawi zambiri si wa m'boti koma wosambira pambali pake.

Ambiri amaganiza kuti madzi amchere ndiwo oopsa pa magetsi. Kwa wosambira si choncho. Madzi amchere amadutsitsa magetsi bwino kuposa thupi la munthu, kotero magetsi otayika amamulambalala. Madzi a nyanja yathu sadutsitsa bwino, ndiye thupi, lomwe lili ndi mchere, limasanduka njira yachidule. Mamiliampu 10 mpaka 15 okha akhoza kuumitsa minofu. Munthu amalephera kupalasa, amamira osakuwa, pathupi popanda bala. Ngozi imakula gwero la magetsi likakhala kunja kwa boti, monga magetsi a pa doko kapena jenereta yoikidwa pamchenga n'kukokera chingwe ku boti, chifukwa magetsi otayika amabwerera kwawo kudzera m'madzi. Lamulo likhale limodzi: 230 V ikamayaka, m'madzi musalowe munthu.

Pafupi ndi polowera magetsi m'boti pakhale RCD, swichi yodula magetsi yokha ikaona kuti ena akutayika, ya 30 mA yodula mawaya onse awiri, ndi breaker ya 16 A. Koma samalani apa. Majenereta ambiri a inverter, kuphatikizapo a Honda EU, amabwera neutral ndi earth zili zosalumikizana. Mukaipulagira pa soketi ya boti yolowera magetsi a pa doko, nyale ya reverse polarity, yochenjeza kuti live ndi neutral zasinthana, imatha kuyaka mozimirira, ndipo waya wa live ukakhudza chitsulo, RCD siigwa chifukwa magetsi otayikawo alibe njira yobwererera. Chonyenga n'choti kabatani ka TEST pa RCD kamaigwetsabe. Kabatani kameneka kamayesa mkati mwa RCD mokha, osati mawaya a boti lanu. Yesani ndi kamakina kopulagira m'soketi kokhala ndi batani loyesera RCD.

Mankhwala ake ndi kulumikiza neutral ndi earth pa gwero, pa jenereta penipeni, pamalo amodzi okha, magetsi asanafike pa RCD. Amachita ndi pulagi kapena kachingwe kapadera kamene kamagwira ntchito ndi jenereta yokhayo. Musalumikize mu bokosi la ma breaker la m'boti, chifukwa tsiku limene mudzapulagire pa doko, gawo la magetsi obwerera lidzadutsa mu earth, n'kutsikira ku shafti ndi pulopela mpaka m'madzi. Ndipo musanalumikize, onani buku la jeneretayo, kenako yesani. Majenereta ena otchipa ali ndi earth pakati pa koyilo, moti mbali iliyonse ili ndi 115 V yeniyeni. Oterewa mukalumikiza neutral ndi earth mwashotetsa theka la koyilo. Mita ya digito ikhoza kuonetsa cha m'ma 115 V pa mitundu yonse iwiri, ndiye ikani babu lakale lija la 40 W pakati pa neutral ndi earth. Likapanda kuyaka, mita n'kugwa pafupi ndi ziro, mukhoza kulumikiza. Likayaka, musayerekeze. Ntchito imeneyi apatseni amagetsi odziwa, si ya kuphunzirirapo.

Yomangirira imafuna swichi yosankhira gwero, doko kapena jenereta, yodula mawaya awiri, yomwe imasiya gwero lina isanagwire linalo. Chingwe chokhala ndi pulagi ya mapini mbali zonse ziwiri chisapezeke m'boti. Mawaya akhale ofewa a timawaya tambirimbiri, 2.5 mm² pa 16 A. Waya wa m'nyumba wa nthambo imodzi yolimba umathyoka ndi kunjenjemera kwa boti, ndipo umathyokera mkati mwa chikopa mmene simungaone. Polumikiza pafinyidwe ndi ma lug, osati kupota n'kukulunga tepi. Panja gwiritsani ntchito mapulagi abuluu aja a 16 A osalowa madzi, osati ekisitenshoni ya pabalaza.

Pogula werengani kachitsulo ka pambali. Kuno timagwiritsa ntchito 230 V, 50 Hz. Za ku America zimapereka 120 V, 60 Hz, ndipo zopangira msika wa ku Japan zimapereka 100 V, ngakhale zikhale za Honda yomweyo zooneka mofanana. Za ku Joni ndi ku Britain zili bwino. Ya ku Joni soketi yake ndi ya mapini atatu obulungira, ndiye sinthani pulagi pa chingwe m'malo mounjika maadaputa. Tijenereta tosakaniza oyilo ndi petulo, ndi aja a felemu yapoyera a pa ntchito zomanga, magetsi awo amakwera n'kutsika, chaja yamakono imawakana kapena kupsa. Onaninso kuti chaja yanu ili ndi PFC, yomwe imaithandiza kusalemetsa jenereta kuposa mawati ake. Yopanda PFC ya 700 W ikhoza kufuna zoposa 1,000 VA kwa jenereta.

Chilichonse chimene mungasankhe, gulani alamu ya carbon monoxide yolembedwa EN 50291-2, imeneyo ndiyo ya m'maboti. Ikhale mmene anthu amagona, molingana ndi mutu wa munthu atagona, osati m'kona kuseri kwa katani. Utsi ukafika 50 ppm, kutanthauza magawo 50 pa miliyoni a mpweya, imalira pakati pa mphindi 60 ndi 90, pa 100 ppm pakati pa mphindi 10 ndi 40, pa 300 ppm pasanathe mphindi 3. Kuseri kwake kuli deti limene sensa yake imathera. Ikalira, zimitsani makina, aliyense atuluke panja, ndipo wodandaula mutu apite kuchipatala akanene kuti wapuma utsi.

Nangula

Zikomo kwambiri nonse. Zoiika m'chipinda cha injini zija ndazisiya lero lomwe. Ndalama ya yomangirira chaka chino palibe, ndiye eyakoni idikira kaye. Ndiyambire pati kuti firiji isamazime, ndipo ndikagula yonyamulayo ndiziika pati?

Kambuzi

Yambani ndi sola, achimwene, jenereta ibwere pambuyo. Pa denga la kachipinda kapena pa chimthunzi cha kumbuyo pakwana mapanelo awiri a 200 W. M'chilimwe kuno dzuwa limapereka maola 5 kapena kuposerapo a mphamvu yake yonse. Mukachotsa zotayika ndi kutentha ndi mawaya, 400 W imakupatsani cha m'ma 1.5 kWh pa tsiku, kuposa 1.4 kWh imene a Mwera awerengera. Ikani controller ya MPPT, yolamulira magetsi ochoka ku mapanelo kupita ku batire, ya 30 A, ndipo muonetsetse kuti mlongoti wa wailesi suponya mthunzi pa panelo, chifukwa kamthunzi kakang'ono kamagwetsa panelo yonse. Miyezi imene firiji imadya kwambiri ndi yomweyo imene dzuwa limaswa mtengo. Sola imapereweza mu Januwale ndi Febuluwale kukachita mvula ya masiku, komanso masiku a mitambo a mu Juni ndi Julayi. Apo ndiye kajenereta kamalowa.

Ndi mabatire a asidi, nthawi yolizira ndi m'mawa. Kuchoka pa theka kufika pa 80 peresenti amalandira 40 A yonse, ola limodzi ndi theka. Gawo lotsalalo limatenga maola atatu kapena anayi magetsi akulowa modontheza, ndipo kuliza injini chifukwa cha zimenezo n'kutaya petulo. Zimitsani, dzuwa limalize. Mabatirewa akadzatopa, batire ya lithium ya mtundu wa LiFePO4 ya 200 Ah imakupatsani 160 Ah kapena kuposa, ndipo imalandira 50 A mpaka pafupi kudzaza.

Poiika ndi panja, kumbuyo kwenikweni kwa boti, potulukira utsi pataloza kumadzi. Ikhale pa rabala, yomangidwa ndi malamba awiri, kutsogolo kwa utsi kulibe kanthu mita yathunthu. Matenti a m'mbali akhale opinda, zitseko ndi mazenera oyang'ana kumbuyo akhale otseka. Boti la pa nangula mmodzi limaloza mphuno kumene mphepo ikuchokera, choncho utsi wa kumbuyo umauluzika kuchoka. Zimenezi zimasiya kugwira ntchito mphepo ikagwa madzulo, mukamangirira kumbuyo kwa boti ku mwala kapena mtengo wa pagombe, mukaponya anangula awiri, kapena mu Shire mmene madzi oyenda ndiwo amatembenuza boti. Musailize boti likuyenda, chifukwa mpweya umazungulira kuseri kwa kachipinda n'kukokera utsi mkati. Musailizenso mutagundizana ndi boti lina, utsi wanu umalowa pa zenera la anzanu. Kukakhala mafunde, oyilo amathawira mbali imodzi ndipo sensa imazimitsa injini. Musadule waya wa sensayo. Dikirani bata, yezani oyilo jenereta ili chilili pamalo osapendekera. EU22i imalowa malita 0.44 okha, ndiye kupungukako pang'ono n'kokwanira kuizimitsa.

Phokoso limayenda patali pamadzi. Ku Thumbi, Domwe, Mumbo ndi ku Maleri komweko muli m'dera la Lake Malawi National Park, ndipo pali ena amene abwerera bata. Ola limodzi cha m'ma 9 m'mawa silikwiyitsa munthu. Petulo wotayikira m'madzi amagweranso pa miyala pamene mbuna zimadya ndere.

Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. M'galimoto yoyenda tsiku lililonse si vuto, koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo akakhala mwezi wathunthu m'kabyuleta amasiya phula lotseka kajeti kakang'ono. Mudzaziwira kuti injini ikukwera n'kutsika ngati yabanika, kapena ikulira pokhapokha choko ili yotseka. Buku la Honda limalola ethanol wosapitirira 10 peresenti. Pomaliza ulendo uliwonse, ikani swichi pamalo otseka mafuta okha kuti injini imalize a m'kabyuleta n'kuzima yokha, masulani sikulu ya pansi pa kabyuleta otsala atuluke, injini ikazizira tsekani kopumira ka pa chivundikiro cha thanki. Jeneretayo muzipita nayo kunyumba, isagone m'kachipinda ka boti.

Zigubu zikhale zopangidwira petulo, osati zija zachikasu za mafuta ophikira za malita 20. Zivundikiro zake zimadontha zikafufuma padzuwa. Musadzaze mpaka pakamwa, ndipo zikhale panja pamthunzi zomangidwa, kapena m'bokosi lokhala ndi bowo pansi lotulukira kunja kwa boti. Musanathire mafuta, zimitsani n'kudikira mphindi 15, gwiritsani ntchito fanelo, mbaula ndi ndudu zikhale zozima. Chozimitsira moto cha ufa cha makilogalamu 2 chikhale pamene mungachifike osadutsa pa jeneretayo. Oyilo ndi 10W-30, kusintha koyamba pa maola 20, kenako pa maola 100 kapena miyezi 6. Fyuluta ya mpweya imatsukidwa pa maola 50, koma nkhungu zikakudutsani itsegulenitu tsiku lomwelo, zimamatira pa siponji n'kuibanikitsa.

Za kutenthako, yesani kaye izi: tenti yoyera pamwamba pa denga la kachipinda yosiya mpata wa mphepo pakati, nsalu yokolera mphepo pa chitseko cha padenga cha kutsogolo, neti ya udzudzu pa mazenera kuti azigona otsekula, ndi fani pa bedi lililonse. Ponyani nangula patali pang'ono ndi gombe pamene kamphepo kamadutsa.

Sipanala

A Kambuzi atchula LiFePO4, ndiye ndichenjezeretu. Musailumikize mwachindunji ku alternator ya injini yanu. Batire imeneyi imameza zonse zimene alternator ingapereke, ndipo injini ikamayenda pang'onopang'ono fani ya alternator siiziziritsa mokwanira, koyilo imapsa. Komanso batire ikadzaza, BMS yake, kabodi koteteza batireyo, ikhoza kudula mwadzidzidzi, ma diode n'kuphulika. Batire yolizira injini ikhalebe ya asidi, ndipo pakati pake ndi ya lithium muike chaja ya DC-DC, yochaja batire ina kuchokera ku inzake, ya 30 A. Fiyuzi yaikulu ikhale pafupi ndi mutu wa batire, osapitirira masentimita 18, ndipo chaja ya 230 V ndi MPPT zonse zisinthidwe kupita pa lithium.

Popeza yomangirira mukuiganizirabe, pokonza mawaya chaka chino siyani malo a swichi yosankhira gwero mu bokosi la ma breaker, ndipo mabatire atsopano musawaike pamene jenereta idzakhale. Ya 5 kW pa 230 V imatulutsa pafupifupi 22 A, ndiye waya wochoka pamenepo kupita ku bokosi udzafunika wa 4 mm² ndi breaker ya 25 A. Kokeranitu paipi yodutsitsira wayayo panopa zotchinga za m'makoma a boti zikadali zotsekula.